Henry Luce ndi China wa m'Magazini Ake

Henry Luce sanaimepo pa chisankho chilichonse ndipo sanakhalepo nduna ya boma, komabe kwa zaka zoposa 30 andale a ku America ankafuna kudziwa msanga zimene magazini ake alemba za iwo. Anabadwa mu 1898 ku Tengchow, m'chigawo cha Shandong ku China, kumene bambo ake anali mmishonale wa mpingo wa Presbyterian. Atamaliza maphunziro pa yunivesite ya Yale, iye ndi mnzake Briton Hadden anatulutsa magazini ya Time mu Marichi 1923, onse awiri ali anyamata a zaka zosapitirira 25. Hadden atamwalira mu 1929, Luce anatsala yekha pachiwongolero, nayambitsa Fortune mu 1930, Life mu 1936 ndi Sports Illustrated mu 1954. Ambiri akamasimba za iye amati ankaika atsogoleri pampando ndi kuwachotsa. Umboni sukuvomereza zimenezo. Mphamvu yake yeniyeni inali pa nkhani za kutali, zimene owerenga ake analibe njira yozionera okha, ndipo nkhani ya China ndiyo imaonetsa bwino.

Kuti timvetse, tiyambe ndi mmene Time inkalembedwera. Nkhani zake zinalibe dzina la wolemba. Mtolankhani wa kunja ankatumiza zimene waona ku likulu la kampani ku New York, ndipo kumeneko alembi ndi akonzi ankazisula mwatsopano kuti magazini yonse imveke ngati yalankhulidwa ndi pakamwa pamodzi. Kwa munthu wotanganidwa izi zinali zokoma, chifukwa nkhani za sabata yonse ankazipeza zofupikitsidwa, zosanjidwa bwino, zokhala kale ndi mutu ndi mchira. Koma wowerenga sankatha kusiyanitsa pamene maso a mtolankhani athera ndi pamene maganizo a mwini magazini ayambira.

Luce ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti China idzakhala dziko lachikhristu, bwenzi la America, ndipo munthu woti akwaniritse loto limeneli anali Chiang Kai-shek, mtsogoleri wa dzikolo. Time inasankha Chiang ndi mkazi wake kukhala anthu opambana a chaka cha 1937, ndipo nkhope ya Chiang inabwerezedwa pachikuto kambirimbiri. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mtolankhani wa Time ku Chongqing, kumene kunali boma la Chiang, Theodore White, ankaona zina: katangale m'boma, asilikali anjala, alimi olandidwa chakudya. Kumapeto kwa 1944, mkulu wa asilikali a America ku China, Joseph Stilwell, atachotsedwa chifukwa chosagwirizana ndi Chiang, White anatumiza nkhani yaitali yofotokoza kuvunda kwa bomalo. Itadutsa pa tebulo la Whittaker Chambers, mkonzi wa nkhani za kunja, inatuluka ikuikira kumbuyo Chiang. White anafika mpaka popachika chikwangwani pa ofesi yake chonena kuti ngati zolembedwa mmenemo zafanana ndi zosindikizidwa mu Time, ndiye kuti zangochitika mwangozi. Mu 1946 anasiya ntchito, ndipo iye ndi Annalee Jacoby anatulutsa buku lotchedwa Thunder Out of China.

Wina anganene kuti mphamvu za munthuyu zimangokokomezedwa, ndipo ali ndi poyambira. Mu 1940 Luce anathira mphamvu zake zonse pa Wendell Willkie wa chipani cha Republican, koma Franklin Roosevelt anapambana. Mu 1948 Life inasindikiza chithunzi cha Thomas Dewey chomutchula kuti pulezidenti wotsatira, koma wopambana anali Harry Truman. Zonsezi n'zoona, koma zikungotsimikizira mfundo yathu. Pa nkhani ya Roosevelt, wovota anali ndi chomuyezera: malipiro ake, mtengo wa mbewu zake, mawu a pulezidentiyo pa wailesi madzulo. Magazini ikamuuza zosemphana ndi zimene akuona m'thumba mwake, ankangotembenuza tsamba. Nanga mlimi wa ku Iowa akanayezera chiyani nkhani za ku Chongqing? China yemwe ankamudziwa anali wa m'zithunzi za Life ndi wa m'malipoti a amishonale kutchalitchi, ndipo mawu awiriwa ankayimba nyimbo imodzi.

Chitsutso cholemera kuposa chimenecho n'chakuti magazini sanasinthe kanthu ku China komweko. Mu 1949 Mao Zedong, mtsogoleri wa achikomyunizimu, analanda dziko, Chiang nathawira ku Taiwan, Time ifune isafune. Koma zotsatira za ntchito ya Luce tiyenera kuzifufuza ku Washington, osati ku Beijing. Anthu amene kwa zaka zoposa 10 ankauzidwa kuti Chiang ndi ngwazi yokondedwa ndi anthu ake sakanamvetsa kugwa kwake popanda kuganiza kuti alipo amene anamupereka. Funso loti ndani wataya China linakula pa nthaka yolimidwa kale, ndipo akazembe angapo odziwa bwino dzikolo, monga John Service ndi John Paton Davies, amene anachenjeza msanga kuti Chiang akugwa, anachotsedwa ntchito. Sikuti Luce yekha ndiye anachita zonsezi. Panali aphungu, mabungwe ndi nyuzipepala zina. Gawo lake linali kuchititsa kuti maganizo amenewa aoneke ngati nzeru wamba za munthu wophunzira, osati zokamba za anthu otentheka mutu.

Omuikira kumbuyo amati sankanama mwadala, ndipo pamenepa tiyenera kumuchitira chilungamo. Mu 1943 Time inasindikiza nkhani ya White yokhudza njala yoopsa ya ku Henan, ndipo mkazi wa Chiang, yemwe pa nthawiyo anali ku America, atafuna kuti White achotsedwe, Luce anakana. Mu 1951 magazini yomweyo inadzudzula pachikuto pake phungu Joseph McCarthy, yemwe ankaloza anthu chala kuti ndi achikomyunizimu, pamene andale ambiri ankamuopa. Luce sankabisanso kuti ali ndi mbali. Nkhani yake yotchuka ya mu Life ya mu Febuluwale 1941, The American Century, inanena poyera kuti America iyenera kutsogolera dziko lonse. Koma kuona mtima kwa mwini magazini sikumuthandiza wowerenga amene walandira nkhani yopotozedwa. Wabodza amadziwa pamene choonadi chili ndipo nthawi zina amabwerera. Luce akamakana lipoti la mtolankhani wake ankaona ngati akulikonza. Ndi mtima womwewo anaikira kumbuyo nkhondo ya ku Vietnam mpaka pamene anamwalira ku Phoenix mu Febuluwale 1967. Panapita zaka zina 5 kuti pulezidenti wa America, Richard Nixon, akaponde ku Beijing, ndipo ubale wa ukazembe pakati pa America ndi China unakhazikitsidwa mu 1979.