Ndalama Zikabedwa Pafoni, Woyenera Kulipira Ndani?

Kale munthu wa ku Makanjira kapena ku Namwera akafuna kutumiza ndalama kwa mbale wake, ankapatsira munthu wapaulendo kapena kupita ku positi ofesi. Ndalamazo zikasoŵa, woyenera kumufunsa ankadziŵika, pakuti amene anazilandira m'manja anali munthu wa dzina ndi mudzi. Masiku ano zinthu zinasintha. Airtel Money inayamba m'chaka cha 2012, TNM Mpamba inatsatira mu 2013, ndipo mabanki nawo analumikiza maakaunti a anthu ku mafoni a m'manja. Ndalama zimachoka ku Lilongwe ndi kufika ku Monkey Bay munthu asanamalize kumwa kapu ya tiyi. Koma liŵiro lomwelo ndi limene likuthandiza mbava, ndipo pabuka funso limene likusautsa mabanja ambiri: ndalama zikabedwa mwachinyengo, ndani ayenera kusenza katundu wa kutayikako?

Funso limeneli ndi lalikulu m'dziko lonse, koma ku Mangochi likuluma kwambiri. Boma limeneli lili ndi anthu oposa miliyoni imodzi, malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo chuma chake chimayenda m'njira ziŵiri zimene zonse zimadalira foni. Njira yoyamba ndi ya nsomba. Ogula usipa ndi utaka ku Msaka, ku Chembe, ku Malindi ndi m'madoko a nyanja ya Malombe saopanso kuyenda ndi matumba a ndalama, popeza amalipira asodzi kudzera kwa ejenti. Njira yachiŵiri ndi ya ku Joni. Anyamata ochuluka a m'maboma a Mangochi ndi Machinga amagwira ntchito ku South Africa, ndipo makolo, akazi ndi ana awo amakhala akudikira thandizo la mwezi ndi mwezi. Munthu amene akudikira ndalama ndiye savuta kumunamiza.

Akathyali amadziŵa zimenezi. Wina amaimba foni nadzitcha transipota wochokera ku Johannesburg, nanena kuti katundu amene mbale watumiza wagwidwa pachipata cha Mwanza kapena cha Dedza, ndipo pakufunika ndalama za msonkho mwamsanga. Wina amatumiza uthenga wooneka ngati wochokera ku kampani ya mafoni wonena kuti ndalama zaloŵa, kenaka amaimba akudandaula kuti watumiza molakwitsa ndipo zibwezedwe, pamene palibe ngakhale tambala imene yaloŵa. Wina amadzitcha wogwira ntchito ku banki kapena wa Mtukula Pakhomo, napempha nambala yachinsinsi kuti akonze akaunti. Enanso amakatenga simukhadi yatsopano m'dzina la munthu wina, kotero kuti foni ya mwiniwake imangozima, mauthenga onse a ku banki nayamba kupita kwa wakubayo. M'chaka cha 2023 bungwe loyang'anira za mauthenga la MACRA linanena kuti Amalaŵi ankataya ndalama pafupifupi K120 miliyoni pamwezi m'njira zoterezi, ndipo apolisi anenapo kangapo kuti mafoni ambiri achinyengo ankaimbidwa ndi akaidi a m'ndende ya Zomba.

Pofuna kuyankha funso la wolipira, ndi bwino kusiyanitsa mitundu iŵiri ya kuba. Mtundu woyamba ndi umene ndalama zimachoka mu akaunti mwiniwake asanakhudze foni, monga pamene simukhadi yasinthidwa mwakuba, kapena wogwira ntchito wosakhulupirika watulutsa zinsinsi za kasitomala. Mtundu wachiŵiri ndi umene mwini ndalama amatumiza yekha, ndi chala chake ndi nambala yake yachinsinsi, chifukwa wanamizidwa.

Mlandu wa mtundu woyamba ndi wosavuta, ndipo ngakhale bwalo la mfumu lingaugamule. Munthu akasungitsa mbuzi zake m'khola la mnzake, namulipira chifukwa cha kusungako, mbuzizo zikatuluka chifukwa chitseko chinali chosatseka, wosungayo ndiye amalipa. Banki ndi kampani ya mafoni ndi osunga otero. Amalandira malipiro pa kutumiza kulikonse ndi kutapa kulikonse, ndipo ndiwo anamanga khola ndi chitseko chake. Ngati simukhadi yaperekedwa kwa munthu wachilendo popanda kuona bwino chitupa cha unzika, kulakwa kuli kwa wopereka, osati kwa mayi wogulitsa nsomba amene anali padoko osadziŵa kanthu.

Mtundu wachiŵiri ndiwo umagaŵanitsa anthu. Mabanki ndi makampani amati iwo anachita zimene kasitomala analamula. Makina sadziŵa za mumtima. Amangoona nambala yachinsinsi yolondola natumiza. Amatinso machenjezo amaulutsidwa pa wailesi ndi kutumizidwa pa mafoni nthaŵi ndi nthaŵi, akuti nambala yachinsinsi sapatsa munthu aliyense. Ndipo amaonjeza mfundo ina yolemera, yakuti ngati aliyense wonamizidwa azibwezeredwa, anthu adzaleka kusamala, ndipo ena adzapangana ndi anzawo kunamizira kuti aberedwa kuti alandire kaŵiri. Potsiriza ndalama zobwezerazo zidzachokera kwa makasitomala onse, pakuti malipiro a kutumiza adzakwera. Chifukwa cha maganizo ameneŵa, kaŵirikaŵiri munthu amene anatumiza yekha amapezanso ndalama zake pokhapokha zitagwidwa zisanatapidwe.

Koma mbali inayo ili ndi mfundo zake. Ndalama zobedwa sizigwera m'nyanja. Zimaloŵa mu akaunti ina, imene inatsegulidwa ndi banki kapena kampani yomweyo kapena inzake. Kuyambira m'chaka cha 2018 simukhadi iliyonse m'Malaŵi iyenera kulembetsedwa ndi chitupa, pambuyo pa kalembera wa unzika wa 2017. Ngati wakuba ali ndi masimukhadi ambiri olembetsedwa m'maina a anthu ena, ndiye kuti pamalo ena olembetsera panali kunyalanyaza. Chinanso, kampani imaona zimene kasitomala sangaone. Nambala imodzi ikalandira ndalama kuchokera kwa anthu khumi osadziŵana m'maboma osiyanasiyana, ndalamazo n'kutapidwa nthaŵi yomweyo, makina angathe kuizindikira ndi kuiimitsa. Nkhalamba ya ku Katuli imaona uthenga umodzi wokha, pamene kampani imaona yonse. Ndipo chenjezo lolembedwa m'Chingerezi kapena m'Chicheŵa silifika mokwanira kwa munthu amene chinenero chake ndi Chiyao, kapena amene saŵerenga ndipo amadalira mdzukulu kapena ejenti kuti amudinire foni.

Maiko ena alimbana ndi funso lomweli ndipo apeza mayankho osiyana. Ku Britain, kuyambira pa 7 October 2024, lamulo limakakamiza mabanki kubwezera munthu amene ananamizidwa natumiza yekha ndalama, mpaka mapaundi 85,000, ndipo nthaŵi zambiri pasanathe masiku asanu ogwira ntchito. Banki yotumiza ndi banki yolandira zimagaŵana mtengowo pakati ndi pakati. Banki ingathe kudula mapaundi osapitirira 100 kuti kasitomala naye amve kuŵaŵa pang'ono, ndipo ingakane kubweza ngati munthuyo anachita mphwayi yoopsa kapena anali m'chiŵembucho. Phindu la kugaŵana pakati n'lakuti banki yolandira nayo imayamba kusamala za anthu amene ikuwatsegulira maakaunti.

Ku Singapore anasankha njira ina, imene inayamba mu December 2024, yokhudza chinyengo cha mauthenga onama amene amaberera munthu zinsinsi za akaunti yake. Kumeneko boma linaika ntchito zimene banki iyenera kuchita, monga kudziŵitsa kasitomala nthaŵi yomweyo ndalama zikatuluka, ndi ntchito zimene kampani ya mafoni iyenera kuchita, monga kutsekereza mauthenga ogwiritsa maina abodza. Ndalama zikabedwa amayamba kufunsa banki. Ngati inalephera ntchito yake, imalipira. Ngati sinalephere, amafunsa kampani ya mafoni. Ngati onse aŵiri anachita zoyenera, kutayikako kumatsala kwa kasitomala. Njira imeneyi ikufanana ndi ya akuluakulu a m'mudzi, amene ng'ombe zikadya chimanga amafunsa kaye za mbusa, kenaka za khola, asanafunse za mwini munda.

Malaŵi ali ndi malamulo amene angathandize. Lamulo la ntchito za chuma la 2010 linapatsa Gavanala wa Reserve Bank udindo woyang'anira mabanki ndi mabungwe ena a zachuma, ndipo kasitomala amene sanathandizidwe ku banki yake angathe kukadandaula kumeneko. M'chaka cha 2016 munakhazikitsidwa lamulo la njira zolipirira, ndi lina lolanga umbanda wa pa makina a kompyuta ndi mafoni. Mu 2024 munabweranso lamulo loteteza zinsinsi za anthu. Palinso bungwe la inshuwalansi ya ndalama zosungitsa, koma limeneli limateteza anthu banki ikagwa, osati munthu akanamizidwa. Vuto lalikulu ndi mtunda. Munthu wa ku Makanjira ali pa ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kuti afike pa boma la Mangochi, ndipo ngati waberedwa K30,000, ndalama zoyendera ndi zogonera zingathe kufanana ndi zimene zinabedwazo. Motero ambiri amangokhala chete, ena chifukwa cha manyazi, ndipo wakuba amapitiriza ndi nambala yomweyo.

Kugaŵa koyenera, tsono, ndi kumene kumaika katundu pa amene anali ndi mphamvu yoletsa kubako. Ndalama zikachoka mwiniwake asanalamule, wosunga abweze zonse. Munthu akanena msanga kuti waberedwa, koma kampani n'kuchedwa kutseka akaunti yolandirayo, zimene zatapidwa pambuyo pa chidandaulocho zikhale pamutu pa kampani. Akaunti yolandira ikapezeka kuti inatsegulidwa ndi chitupa cha munthu wina, wotsegulayo asenzeko gawo. Koma munthu amene anachenjezedwa momveka m'chinenero chake, napereka nambala yachinsinsi chifukwa cha dyera la mphoto ya mpikisano umene sanaloŵe, sangayembekezere kubwezeredwa zonse. Boma nalo lili ndi gawo lake, pakuti foni siloŵa yokha m'ndende. Mutu umodzi susenza denga, ndipo si chilungamo kuti denga lonse ligwere amene ali wofooka koposa.

Pamene malamulo akukambidwa, pali zimene womvera aliyense angachite lero. Nambala yachinsinsi ndi ya mwiniwake yekha. Banki kapena kampani ya mafoni siipempha. Munthu akamva kuti katundu wagwidwa pachipata, ayambe waimbira mbale wake wa ku Joni pa nambala imene amaidziŵa. Uthenga ukanena kuti ndalama zaloŵa, aone kaye zimene zilimo mu akaunti asanabweze kanthu. Foni ikazima mosadziŵika bwino kwa maola angapo pamene ya mnansi ikugwira, apite kwa kampani mosachedwa. Chitupa cha unzika asabwereketse kuti wina akalembetsere simukhadi, pakuti mlandu ukadzabuka udzafika pakhomo pa mwini chitupacho. Ndipo woberedwa asachite manyazi: adziŵitse kampani kapena banki nthaŵi yomweyo, asafufute mauthenga, alembe nambala imene inalandira ndalama, akanene ku polisi, ndipo akapanda kuthandizidwa akadandaule ku Reserve Bank. Chidandaulo chilichonse cholembedwa chimatseka njira ya wakuba, ndipo chimapereka umboni kwa opanga malamulo wakuti vutoli ndi lalikulu motani. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, maŵa chili kwa iwe. Amene wanena za kuberedwa kwake wapulumutsa mnansi wake.