Magetsi Afika, Koma Mphika Udakali pa Makala

M'mamawa wa mwezi wa Juni, nkhungu idakaphimba mzinda wa Lichinga, m'misewu ya Chiuaula mumalowa mdipiti wa njinga zosenza matumba a makala. Anyamata ozikankha amakhala atanyamuka kumidzi tambala asanalire. Amadutsa pansi pa nthambo za magetsi, nakaima pakhomo pamene babu likuwala, ndipo mayi amatuluka kudzagula. M'nyumbamo wailesi ikulankhula ndi mphamvu ya magetsi, koma nsima ndi nyemba zipsa pa mbaula.

Magetsi amenewa tidawadikira nthawi yaitali. Damu la Cahora Bassa, pa mtsinje wa Zambezi m'chigawo cha Tete, lidamalizidwa mu 1974 ndipo limatha kutulutsa mamegawati 2,075, koma mphamvu yake yambiri imagulitsidwa ku South Africa. Kwa zaka pafupifupi 30 Lichinga idadalira mainjini a dizilo ndi kadamu kakang'ono ka pa mtsinje wa Lucheringo, kufikira nthambo yochokera ku Gurúè, yodzera ku Cuamba, idatipeza cha m'ma 2005. Mu 2016 sitima idayambanso kuyenda pakati pa Cuamba ndi Lichinga, ndipo mu 2023 ku Cuamba kudatsegulidwa malo opangira magetsi ndi dzuwa.

Pa zonsezi tiyenera kuyamika Mulungu. Zigayo zachuluka, owotcherera zitsulo apeza ntchito, nsomba za kunyanja zikusungika m'mafiriji, ndipo ana akuwerenga usiku popanda utsi wa koloboyi. Koma akulu adati walira mvula walira matope. Mzinda ukamakula miphika imachuluka. Kuphika nyemba pa magetsi kumadya mayunitsi ambiri, pamene makala munthu amagula kamulu kolingana ndi ndalama ya tsikulo. Choncho chitukuko cha mumzinda chikulipiridwa ndi nkhalango ya kumudzi.

Ndipo mtengo wake ngwaukulu. Mu uvuni wokwirira ndi dothi, kilogalamu imodzi ya makala imadya nkhuni zoposa makilogalamu 5. Mombo ndi msuku zikagwa, zimapita pamodzi ndi bowa, uchi ndi masuku. Mvula imakokolola nthaka, akasupe amaphwa msanga, ndipo mlimi wa chimanga ndi mbatata ya kachewere amakolola zochepa. Woyamba kumva kuwawa ndi wotentha makala yemweyo, chifukwa chaka ndi chaka ulendo wake wa kutchire ukutalikira. Tisafulumire kumuweruza. Ndi mbale wathu, ndipo ndalama ya makalawo ndiyo imagula makope a ana, mankhwala, ngakhale chopereka cha pa Sabata.

Ena anganene kuti mankhwala ake ndi kubzala mitengo basi. Ife a ku Niassa tili ndi phunziro pa zimenezi, ndipo likukhudza mipingo. Mu 2005 kudakhazikitsidwa kampani ya Chikweti, yobzala paini ndi bulugama. Ndalama zake zidachokera ku thumba limene adayambitsa a Dayosizi ya Västerås ya mpingo wa Lutheran ku Sweden pamodzi ndi thumba la chuma cha mpingo ku Norway, ndipo Dayosizi ya Anglican ya Niassa idali ndi gawo lake. Cholinga chidamveka chabwino: mitengo, ntchito ndi phindu. Koma midzi ina idadandaula kuti minda yawo idatengedwa popanda kukambirana mokwanira, ndipo mu 2011 alimi a m'boma la Sanga adazula mitengo ya paini yambirimbiri. Mu 2014 minda ya mitengoyo idapita m'manja mwa kampani ya Green Resources. Mtengo wobzalidwa anthu asanavomere sukhala ndi mlonda, ndipo paini wa kampani saphika nsima ya mayi wamasiye wa ku Chiuaula.

Pa Genesis 2:15 timawerenga kuti munthu adapatsidwa ntchito ziwiri m'munda wa Edeni, kuulima ndi kuuyang'anira. Yoyambayo taigwira ndi manja awiri, yachiwiriyo tailekerera. Boma lidalonjeza kuti pofika 2030 magetsi adzakhala atafika kwa aliyense, koma mphika sungadikire chaka chimenecho. Pali zimene mpingo ungayambe sabata ino.

Amayi a chigwirizano angathe kuphunzitsana kuumba mbaula za dongo zosunga moto, ndi kunyika nyemba m'madzi usiku kuti zipse msanga. Pa misonkhano, pa maukwati ndi pa maliro, pamene timatentha nkhuni zambiri tsiku limodzi, tiyeni tiwerenge mitolo monga tiwerengera chopereka. Mpingo uliwonse wokhala ndi malo ubzale mitengo ya nkhuni ndi ya zipatso, utagwirizana ndi mafumu ndi eni minda, achinyamata napatsidwa udindo woteteza mbandezo ku mbuzi ndi moto wolusa. Ntchitoyi tiigwire pamodzi ndi anansi athu Asilamu, pakuti chitsime chikaphwa sichifunsa kumene munthu amapemphera.

Abale ndi alongo, tidalandira nkhalango imene sitidabzale. Njinga ya makala ikaima pakhomo panu mawa, gulani, mupatseni mnyamatayo moni ndi madzi akumwa, ndipo mumfunse mtunda umene wayenda. Yankho lake mubwere nalo ku msonkhano wa akulu a mpingo.