Ngongole za pa Intaneti: Ndalama Zochokera Kutali, Chiwongoladzanja Cholipidwa Konkuno

M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, fodya akadali m'munda ndipo nkhokwe zapepuka, mabanja ambiri m'boma la Kasungu amasakasaka kokongola. Ena amagwa m'manja mwa akatapila, ena amadalira banki m'khonde. Palinso ngongole zina zimene ndalama zake zimachokera kutsidya kwa nyanja kudzera pa intaneti.

Bungwe la Kiva, lomwe linayamba ku America mu 2005, ndi Lendwithcare ya ku Britain, yomwe inayamba mu 2010, amaika pa intaneti zithunzi ndi mbiri za anthu ofuna mpamba. Munthu wa ku London kapena New York amasankha mayi wogulitsa tomato n'kumukongoza kangachepe. Ku Kiva amayambira pa madola 25. Ndalamazo sizifika m'manja mwa mayiyo mwachindunji, koma zimadzera ku bungwe lokongoza la m'dziko muno. Limodzi mwa mabungwe otere ndi MicroLoan Foundation, lomwe linayamba mu 2002 ndipo limakongoza amayi m'magulu.

Mfundo yofunika kuimvetsa ndi iyi: wokongoza wakunja salandira chiwongoladzanja, koma wokongola amachilipirabe, pakuti bungwe la kuno limafuna ndalama zolipirira alangizi, mafuta a njinga zamoto ndi maphunziro a magulu. Komanso mmodzi akalephera kubweza, mtolo umagwera gulu lonse, ndipo chinansi chimasokonekera.

Kafukufuku wofalitsidwa mu 2015, wochokera m'maiko asanu ndi limodzi kuphatikizapo Ethiopia ndi Morocco, anapeza kuti ngongole zing'onozing'ono zimathandiza ena kukuza malonda, koma sizichotsa mabanja ambiri mu umphawi.

Kuno nkhani yagona pa nyengo. Ngongole zambiri za m'magulu zimayamba kubwezedwa patangopita masabata ochepa, pomwe ndalama za fodya zimadikira kuti mabelo agulidwe ku Chinkhoma. Choncho ngongoleyi imayenera malonda oyenda tsiku ndi tsiku, monga mandasi, usipa kapena kaunjika. Woigwiritsa ntchito pogula feteleza wa fodya angakakamizike kugulitsa mbuzi, kapena kupita kwa katapila yemwe ankamuthawa uja.

Asanasaine, wokongola afunse zinthu zitatu: ndalama zonse zimene adzabweze, m'makwacha, tsiku loyamba kubweza, ndiponso ngati bungwelo ndi lovomerezedwa ndi Reserve Bank of Malawi motsatira lamulo la 2010 loyendetsera mabungwe a ngongole zing'onozing'ono. Bungwe lachilungamo silizengereza kuyankha mafunso amenewa.