ANA A SUKULU APHUNZIRA KUKONZA KAUNDULA WA MALONDA PA KOMPYUTA

Mwezi wa June ukafika, m'maboma a Petauke ndi Nyimba mumakhala piringupiringu. Ngolo za ng'ombe zimasenza matumba a cimanga ndi nshawa kupita kumisika, ogula thonje amapacika masikelo ao, ndipo m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East amai a ku Nyimba amayala nthoci zao kudikira mabasi ocokera ku Lusaka ndi ku Chipata. Pa malo ambiri otere pamakhala munthu mmodzi wogwira buku ndi colembera, ndipo thukuta la anthu ambiri la caka conse limatsamira pa zimene dzanja la munthu ameneyo lalemba.

Buku la pamanja lathandiza anthu kwa zaka zambiri, koma liri ndi zofooka zace zimene mlembi aliyense wa kopaletivu amazidziwa. Ciswe cimadya masamba, denga likadontha inki imafalikira, ndipo mlembi akasamuka kapena kumwalira, wolowa m'malo mwace amalephera kuwerenga zolemba za mnzace. Nthawi zina cilembo cimodzi cokha cimautsa mlandu. Mwacitsanzo, mlimi wapereka matumba 37 a cimanga kukopaletivu, koma nambala 7 yalembedwa mofanana ndi 1, ndipo powerengera ndalama akuti anapereka matumba 31. Pa mtengo wa K340 pa thumba la makilogalamu 50, umene bungwe la Food Reserve Agency linalengeza m'caka ca 2025, mlimi ameneyo wataya K2,040. Anthu a mudzi umodzi amaleka kupatsana moni cifukwa ca zotere.

Mabvuto a mtundu umenewu ndi amene ana a sukulu za sekondale ophunzira za kompyuta amauzidwa kuti awafunefune ndi kuwapezera mankhwala.

NCHITO IMENE MWANA AMAPATSIDWA

M'caka ca 2013 Boma linatulutsa ndondomeko yatsopano ya maphunziro, ndipo kuyambira mu 2014 phunziro la Computer Studies linalowa m'makalasi oyamba a sekondale. Mayeso oyamba a Giredi 9 a phunziro limeneli analembedwa mu 2015 pansi pa bungwe loona za mayeso la Examinations Council of Zambia. Ndondomeko ina ya mu 2023, imene inayamba kugwira nchito mu 2025 ndi kubwezeretsa maina a Fomu m'sekondale, nayonso sinataye maphunziro a kompyuta.

M'makalasi apamwamba, mwana wotenga phunziroli samangoloweza za m'buku ai. Amacitanso nchito ya manja yochedwa projekiti, imene imamtengera miyezi ingapo. Ayenera kuonetsa bvuto leni-leni la pa malo a nchito kapena a malonda, kulifufuza, ndi kukonza kaundula wa pa kompyuta wothetsa bvutolo. Kaundula ameneyu pa Cizungu amachedwa database.

Nchito imayambira kutali ndi kompyuta. Mwana amapita kwa mwini sitolo, kwa mlembi wa kopaletivu kapena kwa mwini cigayo, ndipo amafunsa mafunso: kodi mumalemba ciani, mumalemba liti, ndani amalemba, ndipo n'ciani cimakutayitsani ndalama kapena nthawi? Amapempha kuona mabuku ndi malisiti. Akabwerera kusukulu amalemba bvutolo m'mau omveka, amajambula papepala m'mene kaundula adzakhalire, ndipo pambuyo pace ndi pamene amakhala pa kompyuta. Akatha kukonza amamuyesa kaundulayo, amalemba malangizo a kagwiritsidwe nchito kace, ndipo amanena poyera zimene zatheka ndi zimene zalephereka.

M'MENE KAUNDULA AMAKHALIRA

Maganizo a kaundula wa mtundu umenewu si a dzulo. Anawafotokoza ndi a Edgar F. Codd, katswiri wa masamu wobadwira ku England amene anali kugwira nchito ku kampani ya IBM ku America, m'caka ca 1970. Iwo anaonetsa kuti nkhani zambiri zingasungidwe bwino m'matebulo osiyana-siyana olumikizana, m'malo mounjika zonse pamodzi. Sukulu zambiri zimaphunzitsa njira imeneyi ndi pulogalamu ya Microsoft Access, imene inatuluka koyamba mu 1992. Palinso ina yaulere yochedwa LibreOffice Base.

Tebulo la pa kompyuta limafanana ndi tsamba la buku lokhala ndi mizere yoimirira ndi yopingasa. Mwana wokonzera kaundula kopaletivu imene imakongoza mbeu ya nshawa ndi fataleza kwa mamembala ace angayambe ndi matebulo atatu. Loyamba ndi la mamembala, m'mene mumalembedwa dzina, mudzi ndi nambala ya foni. Laciwiri ndi la katundu, m'mene muli dzina la cinthu, mtengo wace ndi kuculuka kwa zimene zatsala m'nyumba yosungiramo. Lacitatu ndi la zocitika za tsiku ndi tsiku: ndani watenga ciani, zingati, pa tsiku liti, ndipo wabweza zingati.

Cinsinsi cacikulu ciri pa nambala. Kuno ku Cigawo ca Kum'mawa, m'mudzi umodzi mungapezeke a Phiri atatu, a Banda anai ndi a Tembo awiri, ena a iwo a maina oyamba ofanana. M'buku la pamanja nkhongole ya mmodzi imatha kugwera mnzace. M'kaundula wa pa kompyuta membala aliyense amapatsidwa nambala yace-yace imene wina sangakhale nayo, monga m'mene ziliri ndi nambala ya pa citupa ca NRC. Nambala imeneyi aphunzitsi amaichula kuti primary key. M'tebulo la zocitika simulembedwanso dzina la munthu, koma nambala yace yokha, ndipo kompyuta imalumikiza nambalayo ndi mwini wace. Cotero membala akasamuka mudzi kapena kusintha foni, mlembi amakonza pamalo amodzi pokha ndipo kaundula yense amakhala wolondola.

Phindu limaoneka pa kufunsa. Wapampando akafuna kudziwa mamembala onse amene nkhongole yao yapitirira K500 ndipo sanabwezeko kanthu kuyambira mwezi wa May, mlembi wa buku amatha tsiku lonse akutembenuza masamba. Kaundula wokonzedwa bwino amayankha nthawi yomweyo, ndi kusindikiza maina mudzi ndi mudzi pamodzi ndi ciwerengero ca ndalama zonse. Pa msonkhano wa pacaka, msungacuma angathe kupereka kwa membala aliyense kapepala koonetsa zimene anatenga ndi zimene anabweza.

Mwana wa ku Nyimba angasankhe bvuto lina la kwao. Nthoci sizicedwa kupsa ndi kuola, ndipo wozigula zambiri m'midzi amataya ndalama ngati aiwala mikoko imene inayamba kufika. Kaundula wolemba tsiku limene mkoko uliwonse unafika, kumene unagulidwa ndi mtengo wace, angamuuze m'mawa uliwonse zoyenera kuyamba kugulitsidwa, ndipo pakutha kwa mwezi angamuonetse ngati ndalama yolipira motoka sikudya phindu lonse.

KOMPYUTA SIDZIWA BODZA

Mwana amaphunzitsidwanso kuika alonda pa kaundula wace, ndiwo malamulo okana zolembedwa zosatheka. Munthu akalemba tsiku la 31 June, kompyuta ikane, pakuti mwezi umenewo uli ndi masiku 30. Akalemba nambala ya foni yosakwana manambala khumi, ikanenso. Akafuna kutulutsa matumba 20 a fataleza pamene m'nyumba mwatsala 12, imcenjeze. Poyesa kaundula, mwana amalembamo dala zolakwika zotere kuti aone ngati alondawo ali maso.

Komabe pali zimene mlonda wotere sangathe kuona. Mlembi akalemba 31 m'malo mwa 37, kompyuta idzalandira, cifukwa manambala onse awiri ndi otheka. Cimene idzacite n'cakuti madzulo, powerenga matumba ali m'shedi ndi kulinganiza ndi ciwerengero ca m'kaundula, kusiyana kwa matumba 6 kudzaoneka tsiku lomwelo, mlimi asanaiwale ndiponso mboni zisanabalalike. N'cifukwa cace lisiti la pamanja losainidwa ndi anthu awiri silinathe nchito. Kaundula amathandiza munthu wokhulupirika kugwira nchito msanga, ndipo amacepetsa malo obisalamo munthu wacinyengo, koma sangasandutse wakuba kukhala wolungama.

Alimi ambiri a m'maboma awiriwa ali kale m'kaundula wamkulu wa mtundu womwewu. Kuyambira mu 2017, Unduna wa Zamalimidwe umalemba alimi m'kaundula wochedwa ZIAMIS, ndipo ndi m'menemo mumatengedwa maina a olandira fataleza ndi mbeu za pulogalamu ya FISP. Mlimi amene nambala ya citupa cace inalembedwa molakwa amadziwa kutalika kwa ulendo wokakonzetsa cilembo cimodzi. Ndalama zotumizidwa pa foni nazonso zimayenda mwa njira yomweyi. Cotero cimene mwana akuphunzira ndi kaundula wamng'ono wa cigayo ndi cimodzimodzi cimene cimayendetsa nchito zazikulu za Boma ndi za mabanki.

ZOPINGA ZA SUKULU ZA KUMIDZI

Njira sinakhale yosalala. Pa mayeso a manja a mu November 2015, m'sukulu zambiri za m'dziko muno ana anali kulowa m'magulu-magulu cifukwa makompyuta anali ocepa, ndipo ena anamaliza kulemba usiku. Kuyambira mu January 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira Giredi 12, ana aculuka m'makalasi, cinthu cimene ciri cabwino, koma makompyuta sanaculuke pa liwiro lomwelo. M'caka ca 2024 kunagwa cilala cimene Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anacilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Mwana amene nthawi yace ya pa kompyuta yagwera pa ola lopanda magetsi amadikira sabata ina.

Aphunzitsi anzeru amapeza njira. Gawo lalikulu la projekiti, ndilo kufunsa, kulemba bvuto ndi kujambula matebulo, limatheka ndi pepala ndi pensulo. Mwana wofika pa kompyuta atakonza kale zonse papepala amamaliza m'maola ocepa zimene wina wosakonzeka angathere masabata. Makolo nawonso ali ndi poyambira. Thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu m'caka ca 2022, ndipo lakhala likukwera m'zaka zotsatira. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi ingathe kupereka pempho la cipinda ca makompyuta ndi magetsi a dzuwa kudzera ku komiti ya citukuko ya wodi yao.

Copinga cina cimacokera kwa ana eni ace. Pali ciyeso cotenga projekiti ya mnzao wa caka catha, kapena yopezeka pa intaneti, ndi kusinthako dzina lokha. Mphunzitsi amazindikira msanga, pakuti mwana wokopera amalephera kufotokoza cifukwa cimene anaikira matebulo atatu osati limodzi. Koma ngakhale atapulumuka, wadzibera yekha, popeza luso limene likanamdyetsa mawa sanalitenge.

MBALI YA MAKOLO NDI ENI MALONDA

Mwana akabwera ndi kope lace kudzafunsa za mabuku a sitolo kapena a kopaletivu, ena amamkaikira, poganiza kuti watumidwa kudzazonda cuma cao. Mwana wotere ayenera kubwera ndi kalata ya kusukulu, ndipo mwini malonda ali ndi ufulu wonena zimene angaonetse ndi zimene sangaonetse. Lamulo la Data Protection Act la mu 2021 limateteza maina, manambala a zitupa ndi nkhani zina za anthu. Cotero nkhongole za anthu a m'mudzi siziyenera kupita kusukulu ndi maina ao eni-eni. Poyesa kaundula mwana agwiritse nchito maina ongopeka. Ngati pambuyo pace kopaletivu yafuna kumgwiritsa nchito kaundulayo, aikidwe mau acinsinsi otsegulira, ndipo sabata iliyonse zonse zikoperedwe pa flash disk yosungidwa m'nyumba ina, cifukwa kompyuta nayo imafa ndiponso imabedwa.

Petauke ndi limodzi mwa maboma m'mene makopaletivu a alimi anayamba kale, dziko lisanalandire ufulu mu 1964. Mtsogoleri woyamba a Kenneth Kaunda ataitana anthu ku Chifubu mu January 1965 kuti apange makopaletivu, magulu ambiri anabadwa m'dziko lonse, koma ambiri sanakhalitse, ndipo cimodzi mwa zifukwa zace cinali kusowa kwa anthu odziwa kusunga mabuku a ndalama. Akulu amene anaona zimenezo akali moyo m'midzi ya kwa Kalindawalo, kwa Ndake ndi kwa Nyalugwe. Iwo amadziwa malonda ndi makhalidwe a anthu, pamene adzukulu ao akuphunzira makina. Mutu umodzi susenza denga. Mlembi wacikulire akapatula ola limodzi kufotokozera mwana wa sukulu m'mene buku lace limayendera, mwanayo adzapeza projekiti yoona yopereka kwa aphunzitsi ace, ndipo kopaletivu ingapeze mlembi wa mawa wocokera m'mudzi momwemo.