Injini ikasiya kulavula madzi, izimitseni

Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota. Fizi ya ophunzira anga ambiri imachokera ku usipa, choncho injini ya boti ikafa pamudzi, ine ndimadziwira m'kalasi: ana amayamba kujomba.

Chaka chatha, nyengo ya mwera, alamu anga ananyamuka usiku ndi alovi awo kukaponya chilimira. Ali pakati pa nyanja, timadzi timene injini imalavula kumbuyo tinasiya kutuluka. Anaona ndithu, koma anati akayang'ana akafika. Injini inatentha mpaka pisitoni inagwira, ndipo anachita kukokedwa ndi boti lina kutacha. Mwana wawo anakhala pakhomo teremu yonse.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikucheza ndi amakaniko padoko. Ndaphunzira kuti mavuto ena msodzi angathane nawo yekha, koma ena safuna kuphunzirirapo.

Injini ikakana kulira, musathamangire kumasula. Onani kaye ngati giya ili pa nyutulo, komanso ngati kachingwe kozimitsira injini kali m'malo mwake. Tsegulani kabowo kolowetsa mpweya pa chivindikiro cha thanki, ndipo finyani kampira ka papaipi ya mafuta mpaka kalimbe. Ikakanabe, masulani pulagi. Ngati yada ndi mwaye kapena yanyowa, ipukuteni kapena ikani ina. Pulagi yapadera ndi sipanala yake zisamasowe m'boti.

Ikamalira modukizadukiza, kawirikawiri vuto ndi mafuta. Petulo wa m'zigubu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena zinyalala. Tsirani pang'ono m'botolo loonekera mkati: madzi amakhala pansi. Tsukaninso sefa ya mafuta. Pa injini zosakaniza petulo ndi oyilo, tsatirani muyezo wa m'buku lake. Zambiri zimafuna 50:1, kutanthauza theka la lita ya oyilo pa malita 25 a petulo. Kuchepetsa oyilo pofuna kusunga ndalama ndi kudzikumbira dzenje.

Ikamalira bwino koma boti osathamanga, izimitseni, muikweze, muone ngati pulopela yakola udzu kapena ukonde.

Nanga madzi aja akasiya? Zimitsani pomwepo. Chotsani pulasitiki kapena udzu pa timabowo tolowera madzi mmunsi, ndipo tokosani potulukira ndi kawaya kofewa. Akapanda kubwerera, mwina kampira kopopa madzi, kamene amakaniko amati impela, katha. Apa ndiye polekezera manja anu. Ndi bwino kupalasa kapena kuitana anzanu kusiyana ndi kuiumiriza.

Pitaninso kwa makaniko wodziwa kapena kumene munagula injiniyo ngati oyilo wa giya wayera ngati mkaka, chifukwa ndiye kuti madzi akulowa. Chimodzimodzi mukamva kugogoda mkati, chingwe cholizira chikakana kukokeka, moto ukasowa ngakhale mwasintha pulagi, kapena injini ikagwera m'madzi. Yomirayo musagone nayo masiku, dzimbiri silichedwa. Ngati ndi yatsopano ndipo ikadali pa galanti, musaimasule. Sungani lisiti, mupite nayo kwa ogulitsa.

Alamu anga tsopano amati akanazimitsa usiku uja, akanangotaya usipa wa tsiku limodzi. Paja safunsa anadya phula. Mwana uja wabwerera m'kalasi, koma akubwereza Fomu 3.