Nthawi yosamutsa khanda kuchoka m'kadengu kupita pa bedi la mwana

Makolo ambiri, maka m'matauni, amagoneka khanda m'kadengu kapena m'kabedi kakang'ono konyamulika m'miyezi yoyambirira, koma malo ogonawa amasanduka oopsa mwanayo akangoyamba kutembenuka yekha.

Malingana ndi akatswiri a zaumoyo wa ana, chofunika kuyang'ana ndi zomwe mwana wayamba kuchita, osati kungowerenga miyezi. Mwana akayamba kugubuduka, kutukula chifuwa podzikankha ndi manja, kapena mutu ndi mapazi ake zikayamba kugunda m'mbali, ndiye kuti nthawi yomusamutsira pa bedi lotchinga mbali zonse yakwana.

Kwa ana ambiri izi zimachitika pakati pa miyezi 4 ndi 6. Kadengu nkosazama komanso nkopepuka, choncho mwana wamphamvu angathe kukagwetsa kapena kutsamiritsa nkhope m'mbali mpaka kubanika. Kabedi kogula kusitolo kamakhala ndi malire a kulemera kwa mwana omwe opanga amalemba, ndipo makolo angathe kuyerekeza malirewa ndi zomwe zalembedwa m'buku la kusikelo.

Nkhawa yaikulu ndi imfa yadzidzidzi ya makanda ali m'tulo, yomwe imachitika kwambiri pakati pa miyezi 2 ndi 4. M'chaka cha 1992 bungwe la madokotala a ana ku America la American Academy of Pediatrics lidalangiza kuti makanda asamagonekedwe chafufumimba, ndipo ntchito yofalitsa uthengawu itayamba mu 1994, imfa zoterezi zidatsika ndi theka m'dzikolo.

Pachifukwa ichi, pa bedi latsopanolo mwana azigonekedwa chagada, usana ndi usiku, mpaka atakwanitsa chaka. Akadziwa kutembenuka yekha mbali zonse ziwiri palibe chifukwa chomamubwezera, koma mwambo womukulunga manja ndi nsalu uyenera kulekeka akangoonetsa zizindikiro zofuna kugubuduka.

Kapangidwe ka bedi nakonso nkofunika, poganizira kuti mabanja ambiri m'dziko muno amakhometsa mabedi kwa akalipentala. Mipata ya pakati pa timitengo totchinga m'mbali isapitirire masentimita 6, kuopa kuti thupi la mwana lingadutsepo mutu nkukodwa. Matiresi akhale olimba, athyathyathya ndi okwana bwino, osasiya mpata wopitirira zala ziwiri m'mbali.

Mabedi omwe mbali yake imodzi imatsika ndi kukwera adaletsedwa kugulitsidwa ku America mu 2011 ana ena atafa pokodwa, ndipo mu 2022 dzikolo lidaletsanso zofewa zomangirira m'mbali mwa bedi la mwana. Ogula katundu wakaunjika akuyenera kusamala ndi zinthu zoterezi. Mapilo, zidole ndi mabulangete ochindikala sizifunika pa bedi la mwana wosakwana chaka.

Kusintha bedi sikutanthauza kusintha chipinda. Bungwe lija limalangiza kuti mwana azigona m'chipinda chimodzi ndi makolo ake, koma pa malo akeake, kwa miyezi 6 yoyambirira kapena kuposerapo. Kutero kumachepetsa ngozi komanso kumathandiza mayi kuyamwitsa usiku. Kugona naye pa bedi limodzi nkoopsa kwambiri ngati kholo limasuta fodya, laledzera kapena ngati mwanayo adabadwa masiku asanakwane.

Popeza malungo amasautsa kwambiri ana osakwana zaka 5, bedi latsopanolo likhale m'neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse. Netiyo ipachikidwe pamwamba ndi kukungidwa bwino kuti mwana asaikoke nkudzikulunga nayo. M'miyezi yozizira ya June ndi July, ndi bwino kumuveka zovala zofunda kusiyana ndi kulowetsa mbaula ya makala m'chipinda, chifukwa mpweya wake umapha mwakachetechete.

Kuti mwana azolowere msanga, makolo angayambe ndi kumugoneka pa bedilo masana kwa masiku angapo, kenako usiku, osasintha zomwe adazolowera monga kusamba, kuyamwa ndi nyimbo yomugonekera. Akayamba kukhala tsonga kapena kuimirira pogwira m'mbali, matiresi atsitsidwe kuti asagwe.

Makolo omwe ali ndi mafunso angathe kufunsa anamwino kapena alangizi a zaumoyo akapita ndi mwana kusikelo.