Fiat ya Asikulu, Gawo Lachitatu: Kiyi Yachiwiri

Za m'gawo lapitali: Asikulu atamwalira, amalume anajambula Fiat 124 imene yakhala m'chisakasa kumudzi kwathu ku Nyimba chibadwire ine, naika chithunzicho pa Facebook. Munthu wina wa ku Lusaka anati aigula, koma pokhapokha injini ikalira. Ambuya sanavomere, sanakanenso. Ine ananditumiza ku Petauke kukatenga a Tembo, amene anagwira ntchito ndi asikulu ku Livingstone.

Tinatsika minibasi pa Nyimba dzuwa litakwera kale. Azimayi a nthochi anatiunjirira, koma ataona kuti ndasenza batire anangotisiya tidutse. A Tembo ananyamula okha chikwama chawo cha masipanala. Sichigwiridwa ndi munthu wina chimenecho, ngakhale ife amene anatiphunzitsa ntchito ku galaja.

Kumudzi tinapeza amalume atasasula kale udzu wa kutsogolo kwa chisakasa. Galimoto inali itakhala pansi, matayala onse ataphwa, nkhuku zitaikira pampando wakumbuyo.

"Mangani batire tiimve," anatero amalume tisanamwe ndi madzi omwe.

A Tembo anayamba apita kukagwada kwa ambuya, kupepesa maliro. Pobwerako anatsegula boneti, nayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Mukaipotokola lero muithyola. Mapisitoni agwirana ndi dzimbiri. Iwe mwana, masula mapulagi onse anayi."

Ndinamasula. M'bowo lililonse anathiramo dizilo wosakaniza ndi oyilo, natseka ndi kansanza, nati tidikire mpaka mawa. Amalume anapita kuseri kwa nkhokwe kukaimba foni ku Lusaka, mawu ali m'mwamba.

Madzulo amenewo, tili pamphasa, a Tembo anamasuka pakamwa. Anati anthu a masiku ano amadabwa akamva kuti mu Zambia munali fakitale ya galimoto, chifukwa anazolowera za kale zochokera ku Japan. Koma Ian Smith atalengeza ufulu wake wa azungu okhaokha ku Rhodesia mu Novembala 1965, dziko lino linafunika njira ina ya kunyanja, ndipo Mataliyana anali m'gulu la oyamba kubwera. Malole a Fiat ndiwo ankatuta migolo ya mafuta kuchokera ku Dar es Salaam pamsewu woopsa uja anthu anautcha Hell Run. Paipi ya TAZAMA, imene inatha mu 1968, anaiyala ndi Mataliyana. Malo oyengera mafuta a Indeni ku Ndola, a mu 1973, nawonso chimodzimodzi. Ndiye pamene boma la Kaunda, kudzera mu kampani yake ya INDECO, linafuna kuti galimoto zizimangidwa momwe muno, linagwirizana ndi Fiat n'kutsegula Livingstone Motor Assemblers.

"Zinkabwera m'mabokosi a matabwa," anatero. "Chitseko pachokha, denga palokha, injini m'bokosi mwake. Ine ndinali kowotcherera, asikulu ako anali komangirira mainjini. Tinamanga 124, 127, 128, kenaka 131 ndi 132. Ukaona mphunzitsi wamkulu kapena kalaliki wa paboma akuyendetsa Fiat nthawi imeneyo, unkadziwa kuti yadutsa m'manja mwathu."

Ndinafunsa chimene chinapha fakitaleyo. Anati mkuwa. Mtengo wake utagwa mu 1975, ndalama zakunja zoitanitsira mabokosi aja zinayamba kusowa, ndipo panali masiku ena amene ankapita kuntchito n'kumangosesa pansi. Ndinafunsanso chimene chinachotsa asikulu ku Livingstone fakitale isanatsekedwe. Apa a Tembo anayang'ana kukhitchini kumene ambuya ankapala mphika, nati tulo tawagwira.

M'mawa tinaika sipanala yaikulu pa nati ya pule ya kutsogolo kwa injini. A Tembo sanakoke mwamphamvu. Ankangogwedeza, uku pang'ono, uku pang'ono, khutu lili pafupi ndi chitsulo. Patapita nthawi china chake chinati "khu" m'kati, sipanala n'kuyenda. Dizilo wakuda anatumphuka m'mabowo a mapulagi n'kundithira kumaso, ana amene anadzaza pakhomo n'kufa nazo.

"Waona? Ameneyu ndi Lampredi," anatero a Tembo akusisita chivundikiro cha injini.

Dzinali ndinalimva kangapo ku galaja. Aurelio Lampredi ankapanga mainjini a mpikisano kwa Ferrari, kenaka mu 1955 anapita ku Fiat kukapanga a anthu wamba. Ya mu 124 ndi yaing'ono, 1197 cc, masilinda anayi, mphamvu ya mahatchi 60. Chimene a Tembo amaikondera n'chakuti shafiti yaikulu ya pansi, imene mapisitoni amaizunguza, inakhazikidwa pa mabering'i asanu, pamene injini zambiri zazing'ono za nthawi imeneyo zinali ndi atatu. Shafiti yogwiridwa malo asanu siwerama, choncho injini imathamanga osadzidya yokha. Galimoto yonse siikwana ndi tani imodzi. Inatuluka ku Turin mu 1966, ndipo poionetsa kwa anthu anaiponya kuchokera m'ndege ndi parachuti. Chaka chotsatira inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya.

Mabuleki ndiwo anatitayitsa nthawi. Fiat anaika madisiki ku mawilo onse anayi, chinthu chimene masiku amenewo unkachipeza pa galimoto za anthu olemera. N'zabwino pamsewu wa tala, maka pa zitunda za Kacholola potsikira ku mlatho wa Luangwa, pamene mabuleki a ng'oma amatentha n'kuleka kugwira. Koma galimoto ikakhala zaka osayenda, madisiki amamatirira onse. Tinagwada m'fumbi wilo ndi wilo, nyundo ndi dizilo.

"Arasha anaona zimenezi," anatero a Tembo. "Atagula pulani ya galimoto yomweyi n'kumanga fakitale ku Togliatti, kumbuyo anaikako ng'oma, chitsulo anachikhuthalitsa, galimoto n'kuikweza m'mwamba chifukwa cha misewu yawo. Ndiyo Lada ija, inayamba mu 1970. Ku Spain inali SEAT 124, ku Turkey Murat 124. Mwana mmodzi, maina ambirimbiri."

Ananena mawu otsirizawo, kenaka anakhala chete ngati aluma mwala mu nsima.

Dzuwa litapendeka tinali titapala mapointi ndi kasandipepa, titasiya mpata wosakwana theka la milimita, titatsuka kabureta ndi petulo m'mbale ya ambuya yakale. Mawaya a mapulagi a Tembo anawabwezera osayang'ana n'komwe: woyamba, wachitatu, wachinayi, wachiwiri. Chinatsala ndi thanki. Pa 124 thanki ili m'buti, mbali ya kumanja, ndipo sitikanathira petulo watsopano tisanaone ngati yaboola kapena yadzaza dzimbiri.

Apa m'pamene panaonekera vuto. Kiyi imene ambuya anapereka inali imodzi, yolizira injini. Ya zitseko ndi buti ndi ina, ndipo buti inali yokhoma.

"Amama, kiyi inzake ili kuti?" anafunsa amalume.

"Sindinaionepo."

"Zaka zonsezi?"

"Atate ako anabwera nayo galimotoyo ili yokhoma choncho."

Amalume anatola chitsulo chomasulira matayala. "Muphwa, gwira apa, tingoikanula. Wa ku Lusaka akakonza yekha loko."

"Ika pansi chimenecho."

Linali lamulo loyamba limene ambuya anapereka lokhudza galimotoyo chiikire maliro. Sanakweze mawu, koma amalume, munthu wa imvi zake, anaika chitsulocho pansi.

Ine ndinkadziwa kuti ukachotsa choyezamira cha mpando wakumbuyo ukhoza kusuzumira m'buti. Nditangotsegula chitseko chakumbuyo, a Tembo anandigwira pamkono.

"Tiiliza ndi botolo," anatero. "Thanki tiona tsiku lina."

Tinamangirira botolo la petulo ku boneti, kapaipi n'kutsikira ku kabureta. Ndinakhala pampando, n'kuponda kilachi, n'kupotokola kiyi. Sitata inalira mwaulesi. Kachiwiri injini inatsokomola. A Tembo anatseka pakamwa pa kabureta ndi chikhato kuti ikoke petulo wambiri, nandikodola ndi mutu. Ndinapotokolanso. Chisakasa chonse chinanjenjemera, utsi wa buluu unatuluka ndi zisa za makoswe kumbuyo, nkhuku zinabalalika, ana anakuwa mpaka anthu a kudimba anabwera akuthamanga. Utsi utachepa, injiniyo inakhazikika, ikulira mosalala moti a Tembo anavula chipewa.

Amalume anali ataimika foni pafupi ndi boneti kuti wa ku Lusaka amve yekha. Chifukwa cha phokosolo palibe anamva njinga yamoto imene inaima pansi pa mtengo wa mango.

Anatsika mayi wa msinkhu wa amalume, atavala chitenje chatsopano ndi nsapato zafumbi la ulendo wautali. Analipira wanjingayo, nayenda molunjika kuchisakasa, osafunsa njira kwa munthu. Anaima kumbuyo kwa galimoto n'kuwerenga nambala yake, milomo ikugwedera. Kenaka anatembenuka.

"Muli bwanji, a Tembo?"

Chinyanja chake chinali cha kumwera, cha anthu okulira pakati pa Atonga ndi Alozi. Sipanala inagwa m'manja mwa a Tembo. Ndinazimitsa injini.

Mayiyo anapita kukagwada patsogolo pa ambuya, naomba m'manja mwaulemu wonse. Anati wachokera ku Livingstone, wagona m'basi, ndipo chithunzi cha galimotoyi anamuonetsa ndi mwana wake pa foni. Za maliro anazimva mochedwa. Ambuya anamuyang'ana nkhope, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, ndipo ndinaona amalume nawonso akuyang'ana chibwano chomwecho, dzanja lawo likukwera kukagwira chawo.

"Amai ako ali moyo?" anafunsa ambuya.

"Anatisiya chaka chatha. Ndiwo anandipatsa ichi."

Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje. Munali kiyi yaing'ono, yakuda ndi ukalamba, yomangidwa pa kachingwe.

"Mayi, ndinu ndani?" anafunsa amalume. "Galimoto iyi ndi ya malemu atate anga, ndipo yagulidwa kale."

Mayiyo sanawayankhe. Anaimirira, napita ku buti, nalowetsa kiyi ija. Inakana. A Tembo, manja akunjenjemera, anatenga botolo la dizilo n'kudontheza pa loko, osauzidwa ndi munthu. Mayiyo anayesanso. Loko inati "kete", chivundikiro n'kudzuka pang'ono, mpata wolowa chala.

Ambuya anaimirira ndi ndodo yawo.

"Chotsani ana onse pano," anatero. "Ndipo iwe usanatukule chimenecho, a Tembo ayambe auza mwana wanga dzina limene linalembedwa m'buku la galimotoyi."

A Tembo anayang'ana amalume, nayang'ana ine, natsegula pakamwa.

Ipitirira m'gawo lachinayi.